Alamu Anga a Azariah ndi Nyumba ya Nthomba

Alamu anga a Azariah Welland anali munthu woti akamanena zoona, iwe umachita kulakalaka akanakhala kuti akunama. Kunyengerera sankakudziwa. Chinthu chikawaonekera poyera, ankadabwa kuti iwe ukuchedwa pati, ndipo kudabwako ankakuonetsa pankhope. Komabe anthu a ku Wenlock tinkawasankha chaka ndi chaka kukhala phungu wathu kunyumba ya malamulo ku Boston, chifukwa sankaba, sankaledzera, komanso panalibe wina wolola kusiya ntchito zake n'kumakalumidwa ndi nsikidzi m'nyumba za alendo chifukwa cha kadoko ka asodzi. Ine ndine Obed Tarr. Ndinali ndi ngalawa ziwiri zophera nsomba, ndipo iwo anakwatira mlongo wanga Mehitabel. Pokhala mlamu, ndinali ndekha m'tauni monse wotha kuwauza kuti "mwapenga" iwo osandisungira chakukhosi.

Nthomba kwathu inkabwera ndi zombo. Ikhoza kutiiwala zaka zingapo, kenaka n'kutulukira. M'chaka cha 1764 inafika ndi chombo cha shuga, ndipo inalowa nyumba ndi nyumba ngati wokhometsa msonkho. Alamu anali ku Boston nthawi imeneyo. Kumeneko anaona madokotala akutemera anthu: amacheka pang'ono pamkono wa munthu wabwinobwino, n'kupakapo mafinya a wodwala. Munthuyo amadwaladi, koma mopepuka, ndipo akachira nthomba siimugwiranso moyo wake wonse. Mwa otemeredwa, omwalira anali apo ndi apo, pamene mwa ogwidwa mwachisawawa maliro sankatha. Atabwerera kwathu ndi nkhani yabwinoyo, anapeza Tabitha, mwana wawo woyamba, titamuika kale m'manda.

Sanalire pamaso pa anthu. Anangoyamba kulankhula za chinthu chimodzi, ndipo analankhula za chimenecho zaka khumi ndi zitatu.

Kutsogolo kwa doko lathu kuli kachilumba kamene timakatcha ka Nkhosa. Maganizo awo anali akuti tauni imange nyumba pamenepo, anthu azikatemeredwa kutali ndi anzawo, azibwerera atachira. Anaibweretsa nkhaniyo pamsonkhano wa tauni m'tchalitchi, mwezi wa Malichi, tonse titakhala ndi majasi athu chifukwa cha kuzizira.

"Abale anga," iwo anatero, "nthomba ibweranso. Doko sitingalitseke. Koma tikhoza kuichingamira ife tili amphamvu, m'malo moti itipeze tili m'tulo."

Anaimirira a Jotham Crale, eni nyumba yaitali yopotera zingwe za zombo. Anali munthu wa nthabwala, wodziwa dzina la mwana aliyense m'tauni.

"Ndimvetse bwino, a phungu. Mukuti munthu wadzuka bwinobwino, wadya phala lake, ndiye akwere bwato kukapempha nthomba? Alipirenso pamwamba? Galu wothawa chikwapu ndimamudziwa, koma wokachitola yekha n'kukapatsa mbuye wake, ameneyo sindinamuonepo."

Tchalitchi chonse chinaseka. Apa munthu wanzeru akanaseka nawo, kenaka n'kufotokoza mofatsa. Alamu anga ayi.

"A Crale, nzeru zanu zili ngati zingwe zanu. Kutalika ndiye zatalika, koma zonse n'zopotoka."

Theka la amuna a m'chipindamo linali ndi mbale wake wogwira ntchito kwa a Crale. Pokweza manja, ovomera tinali ochepa moti ndinachita manyazi ndi dzanja langa.

"Alamu, mwapenga," ndinawauza panjira. "Mumafuna nyumba kapena mumafuna kupambana Jotham?"

"Kodi ndanama?"

"Simunaname. Koma nsomba sitiikokera m'bwato poitukwana."

"Anthu si nsomba, Obed."

"Eya, nsomba zili bwino, sizivota."

Tauni itakana, anaganiza zomanga okha. Koma lamulo la dziko linkaletsa kutemera popanda chilolezo, ndiye nkhani inapita ku Boston. Kumeneko inapeza nyumba ya malamulo ili pamoto ndi zina. Mfumu ya ku Mangalande inali itatiikira msonkho wa masitampa, ndipo aphungu sankamva china chilichonse. Msonkho umenewo utachoka panabwera wa magalasi, wa mapepala, wa tiyi. Alamu nawonso ankadana nayo misonkhoyo, ndipo ankavota pamodzi ndi anzawo. Koma akangoti "nanga za nthomba", anzawowo ankawasisita paphewa. "Mawa, a Welland. Ufulu kaye." Nkhani yawo inapatsidwa kwa kagulu ka aphungu kuti kaiunike. Wapampando wa kaguluko anamwalira. Anasankha wina, ameneyo anakangana ndi bwanamkubwa n'kusiya. Zaka zinkangopita, kavalo wa alamu anakalamba panjira ya ku Boston mpaka ankaima yekha pakhomo la nyumba iliyonse ya alendo.

Chaka china ndinapita nawo, ndili ndi migolo ya nsomba zamchere yokagulitsa. Anandiuza kuti tsiku lafika, nkhani yawo ili pamndandanda, ndikaonerere. Ndinakhala m'mwamba mwa anthu oonerera, ndikununkha nsomba pakati pa mabwana a mawigi. Alamu anaimirira, anakonza kukhosi, anati, "Bambo wapampando, anthu a ku Wenlock..." Pomwepo chitseko chinatseguka, analowa mthenga wa bwanamkubwa n'kulengeza kuti nyumbayo yathetsedwa, aphungu abwerere kwawo, chifukwa anakana kubweza mawu ena amene analembera mfumu. Aphungu anakuwa, ena anaponya zipewa m'mwamba ponyadira kuti sanagonje. Alamu anga anatsala chiimire, pakamwa pali yasa.

Tinanyamuka kubwerera kwathu, n'kuwoloka mtsinje. Kenaka alamu anati, "Akanangodikira ndimalize chiganizo."

Chilolezo chinatuluka m'chaka cha 1773, ndipo chinatuluka chifukwa aphungu anatopa nawo. Mmodzi anandiuza yekha kuti anavomera pofuna kuti adye chakudya chamasana mwamtendere. Koma anaikapo mawu akuti tauni isaonongepo kanthu. Alamu anagulitsa dambo lawo la msipu, limene linali la bambo awo, anapeza amalonda atatu othandizana nawo, n'kumanga nyumba yamatabwa yosanja pa chilumba cha Nkhosa. Anaitanitsa dokotala kuchokera kum'mwera.

Mlongo wanga sanakondwe nazo. "Bambo a Tabitha," ankawaitana choncho ngakhale mwanayo atapita, "dambo mwagulitsa, ng'ombe zidya chiyani? Zidya chilolezo?"

"Mayi, ng'ombe tigula zina. Ana sitigula."

"Ndiye muyambe ndi anuwo, anthu aone."

Ankanena mopsa mtima, koma alamu anatengera pomwepo. Gulu loyamba kupita kuchilumba linali ana awo atatu otsala, Mehitabel mwini wake, ndi ine, chifukwa ndinalibe pothawira. Sindinganene kuti kunali kokoma. Dokotala uja anatiletsa nyama, batala ndi mowa. Tinkangomwa phala lamadzimadzi ndi mankhwala ena ogwedeza mano. Ndinatuluka matuza pamphumi ndi kumsana, mutu unandiwawa ngati wina akukhomamo misomali ya ngalawa. Potuluka anatitsekera m'kanyumba n'kutifukiza ndi sulufule mpaka kutsokomola misozi. Koma tonse tinabwerera amoyo, ndipo alamu anatiyendetsa pamsika ngati nkhosa zogulitsa, akutikwinya malaya kuonetsa anthu zipsera.

Anthu anabweradi, koma osati athu. Ankabwera ana a amalonda a m'matauni ena, ndi mabokosi a zovala ndi zoimbira zawo. Madzulo mphepo ikaomba kuchokera kunyanja, tinkamva nyimbo zawo tili padoko tikusoka maukonde. Asodzi ankangoyang'ana.

"Alamu," ndinatero, "anthu akung'ung'udza. Akuti nthomba yofewa ndi ya olemera, ife atisiyira yolusa. Akutinso mwatiikira mliri pakhomo kuti ana a mabwana azivina."

"Ndawauza kuti msodzi aliyense abwere ulere."

"Ulere mwanena. Nanga mwezi wonse ali kuchilumba, ana ake adya chiyani? Nsomba sizidikira munthu achire."

Apa anandimvera, ndiyenera kuwayamikira. Anapitanso kumsonkhano wa tauni kukapempha kuti tauni izidyetsa mabanja a asodzi pamene abambo ali kuchilumba. Analankhula bwino tsiku limenelo, sanatukwane munthu. Koma a Crale anangoimirira pang'ono, osawongoka n'komwe.

"Poyamba anatigulitsa nthomba. Lero abwera ndi msonkho wa nthomba. A phungu, ku Boston mumakana misonkho ya mfumu kuti mudzatipatse yanu?"

Basi, nkhani inafera pomwepo. Asodzi omwewo amene akanathandizidwa ndi amene anaseka kwambiri.

Chimene chinaswa mbiya ndi anyamata awiri a kuchilumba. Anatopa ndi phala, anaba bwato la dokotala, n'kubwera kudzamwa mowa panyumba ya alendo ya padoko, matuza asanaume. Patapita masabata angapo, mwana wamkazi wa msodzi wina, amene ankatsuka makapu pamenepo, anagwidwa ndi nthomba n'kumwalira. Sabata lomwelo panali pataimanso chombo chochokera kutali chili ndi wodwala m'kati. Kaya mwanayo anaitenga kwa anyamatawo kaya kwa amalinyero, palibe akudziwa mpaka lero. Koma chombo chinali chitapita, ndipo nyumba ya pachilumba inali pomwepo, aliyense akuiona.

Alamu anapita kumaliro. Bambo a mwanayo anawabweza pachipata. "Pitani mukalire kuchilumba kwanu," anatero.

Linali tsiku la chifunga, masana, gulu lina la otemeredwa litangotuluka pachilumba ndipo lina lisanalowe. Alamu anabwera akuthamanga kunyumba kwanga, opanda chipewa.

"Obed, tulutsa bwato! Anthu atenga migolo ya phula, apita kuchilumba!"

Ndinapalasa mmene ndikanathera, koma tisanafike pakati tinaona chifunga chikufiira. Tinakumana nawo akubwerera, mabwato anayi, nkhope atazipaka mwaye. Kudzipaka kwake kunali kwachibwana. Munthu amene wakhala naye m'ngalawa zaka makumi awiri umamudziwa ndi kapalasidwe. Awiri anali antchito anga.

Alamu anaimirira m'bwato mpaka linafuna kugubuduka. "Ndakuonani! Iwe Zebulon, mwaye umenewo ukubisa chiyani, makutu akowo? Mwaotcha chiyani, mukudziwa? Mwaotcha ana anu!"

Anangotidutsa, nkhafi zikulira. Tinakafika pachilumba denga litagwa kale. Dokotala anali atakhala pamwala ndi chikwama chake pamiyendo, ndipo mawa lake anakwera ngolo yobwerera kwawo.

Alamu anakasuma. Anthu awiri anamangidwa, koma khamu linapita kundende ndi nkhwangwa n'kuwatulutsa, ndipo woweruza anati nthawi ino si yoputa anthu. Pachisankho chotsatira, tauni inasankha a Jotham Crale kukhala phungu. Alamu anabwerera kunyumba, anapachika jasi lawo la ku Boston kuseri kwa chitseko, n'kuyamba kulima kamunda kamene kanatsala. Kulima sankakudziwa. Nyemba zawo zinkamera ngati zikupepesa.

Kenaka inabwera nkhondo yolimbana ndi mfumu. Anyamata athu anapita, ndipo m'misasa ya asilikali nthomba inapha ambiri kuposa zipolopolo. M'dzinja la 1777 ena anayamba kubwerera, ndipo inabwera nawo. Mmodzi mwa oyamba anali mwana wamwamuna wa a Crale. Anafika pangolo atafunda bulangete, anamwalira m'nyumba ya bambo ake, ndipo sabata lisanathe nsalu zofiira zochenjeza anthu zinali zitapachikidwa pamakomo asanu ndi limodzi.

Belu linalira, tinasonkhana m'tchalitchi. Anaimirira a Crale, ataonda. Anati akuluakulu a asilikali tsopano akutemera gulu lonse lankhondo, ndipo iwo akupempha kuti tauni itemere munthu aliyense, wolemera ndi wosauka, ndiponso idyetse mabanja mpaka onse atachira. Manja anakwera onse. Sipanatenge nthawi yoti munthu n'kumaliza kusuta kaliwo. Zimene alamu anapempha zaka khumi ndi zitatu zinadutsa anthu asanatenthetse mipando.

Ndinawagwira jasi. "Alamu, chonde, khalani pansi. Mwapambana. Ingokhalani chete."

Anandichotsa dzanja. Ndikanakonda kukuuzani kuti analankhula mawu okhululuka, anthu n'kulira. Ayi ndithu. Anatitukwana. Anatchula chaka ndi chaka, msonkhano ndi msonkhano, amene anaseka ndi amene anapalasa mabwato. Anati tauni ya Wenlock ndi ng'ombe imene imaona dzenje ikagweramo. Anati nyumba yabwino, ya mabedi ndi mawindo, yotalikirana ndi anthu, tinaiotcha ndi manja athu, ndiye lero tikatemerera kuti, m'khola? Anthu anangowerama. Abusa anayesa kukweza dzanja, iwo anati, "Abusa, inunso munali chete, pitirizani." Atatopa anapuma, anapukuta pakamwa, n'kufunsa kuti, "Tsono ndani ali ndi mabulangete opitirira awiri?"

Panalibe wina wodziwa kayendetsedwe ka ntchitoyo, choncho anawapatsa iwo. Nyumba yaikulu mokwanira inali imodzi yokha, yopotera zingwe ya a Crale. Tinayala udzu m'litali mwake monse, tinatchinga msewu ndi mpanda, ndipo ife amene tinatemeredwa kale tinakhala onyamula madzi, nkhuni ndi mitsuko ya zonyansa. Antchito anga awiri aja anagona moyandikana, ndipo alamu ankawamwetsa phala ndi dzanja lawo, uku akuwakumbutsa za phula.

Tsiku lina ndinawapeza awiriwo, alamu ndi a Crale, ataima pakhomo. A Crale anali ndi matuza kumaso, atafunda chofunda ngati nkhalamba.

"Azariah, usandiyang'ane choncho. Ndaika mwana m'manda."

"Ndikudziwa. Inenso ndinaika."

Ine ndinati mwina apa agwirana chanza.

"Denga lako likudontha kumapeto uko," alamu anatero. "Anthu akunyowa. Nyumba yanga sinkadontha."

"Ndituma munthu akonze."

"Utume lero."

Zinathera pomwepo. Mwa anthu mazana amene tinawatemera, tinataya asanu ndi awiri, ambiri okalamba. Matauni oyandikana nafe amene anachedwa anakumba manda mpaka nyengo yozizira itatha.

Pamsonkhano wa Malichi wotsatira, tauni inavota kuthokoza a Jotham Crale chifukwa cha nzeru zawo ndi nyumba yawo, ndipo inawasankhanso uphungu. Dzina la alamu silinatchulidwe. Ine ndinaimirira kuti ndinene, koma wapampando anati nkhaniyo yatsekedwa. Anthu akhoza kukukhululukira ukawalakwira, koma ukawatukwana uli wolondola, ayi. Chakumapeto, posankha maudindo ang'onoang'ono, wina kumbuyo anakuwa mwachipongwe kuti a Welland akhale woyang'anira nkhumba zosokera. Udindo umenewu kwathu timapatsa anyamata ongokwatira kumene, pofuna kuwaseka. Manja anakwera, anthu akubisa kuseka m'majasi.

"Kanani, alamu," ndinanong'ona. "Akukuchitani chipongwe."

Iwo anaimirira n'kunena kuti avomera.

Mlongo wanga atamva anakhala pansi. "Phungu wa ku Boston, lero muzithamangitsa nkhumba? Bambo a Tabitha, ulemu wanu uli kuti?"

"Mayi, nkhumba zikufukula kumanda ndiponso zikuipitsa chitsime cha pamsika. Lamulo lilipo, palibe akulitsata. Wina ayenera kuligwira."

Analigwiradi. Anakonza khola la tauni limene linali litagwa kalekale, anagula ndodo yaitali, ndipo m'mawa uliwonse ankazungulira misewu atavala jasi lawo lija. Nkhumba yopanda chitsulo cha pamphuno choiletsa kufukula ankaitsekera, mwini wake akailipire. Anthu amene anakweza manja moseka anayamba kutukwana, koma chitsime chinayera. Anagwira udindowo mpaka imfa yawo m'chaka cha 1784, chifukwa chaka chilichonse wina akati tiwachotse, panalibe wofuna kulowa m'malo mwawo.

Nkhumba zoyamba kutsekeredwa zinali zanga, zitatu. Ndinapita kukhola ndili ndi ukali.

"Alamu, ine? Amene ndinakupalasirani bwato? Amene ndinamwa phala lija chifukwa cha inu?"

"Zinali m'munda wa abusa, Obed."

"Ndiye simukanangondiuza mwakachetechete, pachibale?"

"Ndikukuuza pano. Ukabwere ndi zitsulo zitatu, ndikuthandiza kuziboola mphuno. Yaikuluyo imaluma, ubwere ndi chingwe."

Ndinapita kukagula chingwecho kwa a Crale.